Dikanta ya m'kabati ya makolo: tingadziwe bwanji amene anaipanga ndi kumene inachokera?

M'nyumba zambiri zakale za mu Blantyre, kuyambira ku Sunnyside ndi ku Namiwawa mpaka ku Chitawira, ku Kanjedza ndi ku Ndirande, muli kabati imene mwana saloledwa kutsekula. M'menemo mumakhala makapu a alendo, mbale zimene zinaperekedwa paukwati, ndipo mwina pakona pamakhala botolo lolemera la galasi, la khosi lalitali, logobedwa mizeremizere, lokhala ndi chotsekera chagalasinso. Botolo limenelo ndi dikanta. Eni ake oyamba ankathiramo vinyo kuti nsenga zitsale m'botolo logulira, kapena bulande ndi wisiki kuti patebulo la alendo pasaoneke botolo la m'sitolo.

Madikantawa ayamba kutuluka m'makabati. Tikuwaona pa okushoni, kwa ogulitsa katundu wakale ku Limbe, ndiponso pa Facebook, pamene wogulitsa amalemba molimba mtima kuti ndi crystal yeniyeni ya Waterford ndipo yatha zaka 100. Wogula sadziwa ngati akhulupirire kapena ayi. Banja limene likugawana katundu wa malemu nalonso limagawikana, ena akuti ndi chuma, ena akuti ndi botolo wamba. Onsewa amafuna chinthu chimodzi, dzina la kampani. Vuto n'lakuti madikanta ambiri akale alibe dzina pena paliponse. N'chifukwa chake odziwa za galasi sathamangira kutchula kampani. Amayang'ana galasilo, kapangidwe kake, chotsekera, zolembedwa ngati zilipo, ndi mbiri ya mmene linafikira m'nyumbamo, ndipo amalankhula pokhapokha umboni wonsewu ukagwirizana.

Crystal n'chiyani?

Galasi wamba, la botolo la zakumwa kapena la pazenera, limapangidwa posungunula mchenga pamodzi ndi soda ndi laimu. Mu 1674, wamalonda wina wa ku London, George Ravenscroft, analandira chilolezo cha mfumu chopangira galasi latsopano, ndipo pasanathe zaka zambiri anali akuthiramo mtovu. Galasi lamtovu linali lolemera, lowala ngati madzi a pakasupe, komanso lofewerapo moti mmisiri ankatha kuligoba mozama osasweka. Limeneli ndi limene ku Britain ndi ku Ireland anazolowera kulitcha crystal. Lamulo la mayiko a ku Ulaya la mu 1969 linakhazikitsa kuti galasi likhale ndi mtovu wosachepera 24 peresenti kuti ligulitsidwe ngati "lead crystal". Choncho mukapeza kasitika kolembedwa "24% PbO" (PbO akuimira mtovu wa m'galasimo), dziwani kuti dikantayo ndi ya m'zaka za posachedwa, osati ya m'nthawi ya Mfumukazi Victoria.

Ku Bohemia, kumene lero ndi ku Czech Republic, amisiri anatenga njira ina. Ankagwiritsa ntchito potashi wochokera ku phulusa la nkhuni, ndipo galasi lawo linali lolimba, loyera, lopepukirapo. Kampani ya Moser ya ku Karlovy Vary, imene inayamba mu 1857, imapanga galasi lodula kwambiri lopanda mtovu mpaka lero. Izi zikutanthauza kuti kupepuka kwa dikanta si umboni woti ndi yachabe. Kulemera kwake nakonso sikukuuzani kampani, chifukwa m'zaka za m'ma 1900 mafakitale a ku Czechoslovakia, Germany ndi Poland ankapanganso galasi lamtovu lochuluka.

Anthu amakonda kugogoda galasi ndi chala kuti amve ngati lilira kuti ngwee. Pa kapu ya vinyo njirayi imathandizako. Pa dikanta siithandiza kwenikweni, pakuti thupi lochindikala ndi khosi lopapatiza zimapha kulira konse. Chimene chimathandiza pang'ono ndi nyale ya UV, yonga imene amaunikira ndalama pofufuza zachinyengo. M'chipinda cha mdima, galasi limene anathiramo manganese pofuna kuliyeretsa limawala mobiriwira mozimiririka, ndipo manganese ankamugwiritsa ntchito kwambiri nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanachitike. Lokhala ndi uranium limawala biriwiri mosakayikitsa. Nyaleyi imangokuuzani zimene zili m'galasimo, dzina la mmisiri siitchula.

Mpweya wa munthu, kapena chikombole

Tembenuzani dikantayo, muyang'ane kunsi. Apa m'pamene pali nkhani yaikulu.

Dikanta yopangidwa pamanja imayamba ngati chibuma cha galasi lotentha kunsonga kwa paipi yachitsulo. Mmisiri amauziramo mpweya uku akuitembenuza. Kuti akonze khosi ndi mlomo, amamatika ndodo ina yachitsulo kunsi kwa botolo, n'kudula paipi yoyamba ija. Ntchito ikatha amathyola ndodoyo, ndipo pamatsala chipsera chimene amachitcha pontil. Pa galasi lakale kwambiri kapena lotchipa, chipserachi chimakhala chokhakhala, chotha kukanda chala. Pa galasi labwino ankachipala mpaka patsale kadzenje kozungulira kosalala, kapena ankagobapo nyenyezi kuti chisaoneke.

Kuyambira m'ma 1820, ku America anayamba kupanga galasi polipanikiza m'chikombole chachitsulo, ndipo njirayi inafalikira msanga ku Ulaya. Kusiyana kwake n'kofanana ndi kwa mphika woumba pamanja ndi njerwa ya m'chikombole: miphika iwiri ya mayi mmodzi siifanana ndendende, pamene njerwa zonse zimatuluka ndi chilema chomwecho cha chikombole chawo. Pa dikanta ya chikombole, yendetsani chala kuchokera kunsi kukwera m'mbali. Mudzamva kamzere kopyapyala pamene zigawo za chikombole zinakumana, kawiri, katatu kapena kanayi kuzungulira botololo. Maluwa ake amakhala obulungira, opanda msonga, ngati anasungunuka pang'ono.

Kugoba kwenikweni kumachitika galasi litazizira, pa gudumu lamwala kapena lachitsulo, mzere umodziumodzi. M'mphepete mwa mizereyo mumakhala mwakuthwa ndithu pansi pa chala, ndipo mukayang'anitsitsa pamene mizere inayi ikukumana mudzapeza kuti umodzi wadutsa pang'ono, wina waperewera. Kuphonyetsa kotere ndi chizindikiro cha dzanja la munthu. Komabe apa pali msampha. Mafakitale ambiri a m'zaka za m'ma 1900 ankaumba thupi m'chikombole, n'kugoba pamanja pamwamba pake, kenako n'kuliviika m'asidi kuti liwale msanga, ndipo asidiyo amafewetsa msonga zonse. Pontil nayo siitsimikiza ukale. Amisiri a Ngwenya Glass ku Eswatini amauzira galasi ndi mpweya lero lomwe, pogwiritsa ntchito mabotolo akale osungunulidwa, ndipo dikanta yawo yogulidwa chaka chatha ikhoza kukhala ndi chipsera ndi timathovu m'kati ngati yakalekale.

Musanaiimikenso, onani kuperepeseka kwa kunsi. Botolo limene lakhala likukhwekhwerezedwa patebulo zaka makumi ambiri limakhala ndi bwalo la timikwingwirima tosokonekera, tolowera uku ndi uku, pamalo pokhapo pamene limakhudza tebulo. Timizere tolunjika mbali imodzi timasonyeza kuti wina anapakhula ndi sandipepa.

Chotsekera

Dikanta yabwino inkapatsidwa chotsekera chake chokha. Mmisiri ankapera tsinde la chotsekeracho ndi m'kati mwa khosi mpaka zitagwirana bwino, moti chotsekera cha botolo lina la mtundu womwewo sichikhala bwino pamenepo. Kuti zisasokonekere m'fakitale, kawirikawiri ankakanda nambala imodzi pa tsinde la chotsekera ndi m'khosi kapena pamlomo wa botolo. Zulani chotsekera, muunike ndi tochi ya foni mopendeketsa. Mukaona 14 uku ndi 14 uko, ziwirizi zinachokera limodzi. Nambalayo si chaka ndiponso si nambala ya kampani, ngakhale ogulitsa ena amaiwerenga choncho.

Zotsekera zimasweka ndi kutayika kuposa mabotolo, ndiye ambiri ali ndi zobwereka. Chobwereka chimagwedezeka, chimamira kwambiri kapena kutsalira pamwamba, mtundu wa galasi lake umasiyanako, ndipo kagobedwe kake sikabwereza zimene zili pathupi. Wofuna kudziwa wopanga ayenera kuchenjera apa, chifukwa chotsekera cha ku France pa botolo la ku England chingasocheretse kafukufuku yense. Mtengo nawo umatsika.

Dzina likakhalapo

Makampani ankasiya dzina lawo m'njira zitatu: kasitika ka pepala, kamene kamachoka potsuka, chidindo cha asidi, chooneka ngati nkhungu yotuwa pagalasi, ndi siginecha yokanda ndi singano. Chidindo cha asidi chimabisala. Tsukani kunsi, muumitse, mupendeketse botolo pafupi ndi zenera m'mawa, ndipo ngati sichikuoneka uzirani mpweya wa m'kamwa kuti pachite nthunzi. Yang'anani m'mphepete, pakati pa nthambi za nyenyezi, ngakhalenso pa tsinde la chotsekera.

Dzina lotchulidwa kwambiri kuno ndi Waterford, ndiye mbiri yake iyenera kudziwika bwino. George ndi William Penrose anatsekula fakitale mumzinda wa Waterford ku Ireland mu 1783, ndipo inatsekedwa mu 1851. Panadutsa zaka 96 popanda galasi la Waterford, kufikira mu 1947 pamene Charles Bacik wa ku Czechoslovakia anayambitsanso ntchitoyo. Mnzake Miroslav Havel ndi amene anajambula Lismore mu 1952, mtundu umene unatchuka dziko lonse. Chotero munthu akanena kuti dikanta yake ndi Waterford ya m'ma 1920, pali chimene chalakwika, dzina kapena chaka. Dikanta yokhala ndi chidindo cha asidi cha Waterford ndi ya pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ya fakitale yoyamba ija ndi yosowa kwambiri, ndipo zochepa zimene zili ndi dzina zinalembedwa "Penrose Waterford" mozungulira kunsi, m'malemba otukuka a m'chikombole. Mu 2009 kampaniyi inagwa m'ngongole, fakitale yake yaikulu inatsekedwa, ndipo zambiri za dzina limeneli tsopano zimapangidwa m'mayiko ena monga Slovenia. Apa dzina la kampani ndi dziko lopangira zasanduka mafunso awiri osiyana.

Kampani ya Baccarat ya ku France inayamba mu 1764, koma chidindo chake chozungulira, chokhala ndi chithunzi cha botolo ndi matambula awiri, chinayamba kuikidwa pa katundu wake yense cha mu 1936. Zakale kuposa pamenepo zambiri zinali ndi kapepala chabe. René Lalique, mmisiri wa galasi wa ku France, anamwalira mu 1945, ndipo chilembo cha R chimene chinkayamba dzina lakuti "R. Lalique" chinachotsedwa pa zopangidwa pambuyo pake. Ku England, likulu la galasi logoba linali dera la Stourbridge, kumene kunali makampani a Stuart, Thomas Webb, Webb Corbett ndi Stevens & Williams, imene inadzatchedwa Royal Brierley. Ku Scotland kunali Edinburgh Crystal, yodziwika ndi mtundu woumbidwa ngati duwa la thistle, imene inatha mu 2006. Makampani a ku Sweden, Orrefors ndi Kosta, ankakonda kukanda dzina ndi manambala kunsi, ndipo zilembo za m'manambalawo zimaloza wojambula.

Chidindo chikhoza kukhala chonama. Asidi ndi singano sizivuta kupeza, ndipo mayina odula monga Lalique amakopedwa kawirikawiri. Dzina lalikulu pa botolo lokhala ndi mizere ya chikombole yosapalidwa ndi galasi lotuwa liyenera kukukayikitsani. Kwa ine, ubwino wa ntchito uyenera kubwera patsogolo, chidindo chidzangovomereza.

Mayiko amene anatha, manambala ndi siliva

Dzina la dziko ndi umboni wamphamvu chifukwa mapu amasintha. Czechoslovakia inakhalapo kuyambira 1918 mpaka kumapeto kwa 1992. "West Germany" ndi "GDR" (East Germany) zikutanthauza pakati pa 1949 ndi 1990. Mawu akuti "Made in" anafala pambuyo pa lamulo la ku Britain la mu 1887 ndi la ku America la mu 1890, amene anakakamiza kuti katundu wochokera kunja azisonyeza kwawo.

Pa galasi la ku Britain, makamaka la chikombole, mukhoza kupeza kachizindikiro kooneka ngati dayamondi kokhala ndi zilembo m'makona. Kameneka kanagwira ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883. Kuyambira 1884 anayamba kulemba "Rd" kapena "Rd No" ndi nambala. Mabuku a manambalawa amasungidwa ku National Archives ku Kew, ku London, ndipo amatchula amene analembetsa kapangidweko ndi tsiku lake. Tsikulo ndi lolembetsa, botolo lenilenilo likhoza kukhala lopangidwa zaka zingapo pambuyo pake.

Ngati khosi lili ndi mkombero wachitsulo chowala, tengani galasi lokulitsa zinthu. Siliva wa ku England amakhala ndi timadindo tondondozana: mkango woyenda, wosonyeza kuti ndi siliva wa 925, ndiye kuti magawo 925 mwa 1,000 ndi siliva weniweni; chizindikiro cha mzinda, nangula wa Birmingham, mutu wa kambuku wa London kapena chisoti chachifumu chimene Sheffield inkagwiritsa ntchito mpaka 1974; ndi chilembo chimodzi choimira chaka. Palibe umboni wina pa dikanta umene umapereka chaka molondola chotere. Zilembo zina za pambali ndi za wosula siliva kapena sitolo imene inagulitsa, osati za wopanga galasi, ndipo nthawi zina galasilo linkaitanitsidwa kuchokera kunja. Mukaona EPNS, ndiye kuti ndi chitsulo chongokutidwa ndi siliva.

Kaumbidwe

Kaumbidwe kamasonyeza nyengo imene fashoni inayamba, osati imene inathera. Dikanta ya mapewa otambalala ndi mphete zitatu pakhosi inatchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1800, nthawi imene galasi la ku Britain linkalipiritsidwa msonkho malinga ndi kulemera kwake (msonkhowu unayamba mu 1745 n'kutha mu 1845). Ya kunsi kotambalala kwambiri inali ya m'sitima zapamadzi, kuti isagwe ndi mafunde. Ya makona anayi ndi ya zakumwa zaukali, ndipo zina zinkabwera ziwiri kapena zitatu m'kabokosi kokhoma ndi kiyi kotchedwa tantalus. Zazitali, zamitundu yowala, za chotsekera chosongoka, zambiri ndi za ku Empoli ku Italy, za m'ma 1950 ndi 1960. Mitundu yonseyi yakhala ikubwerezedwa, ndipo ina ikupangidwabe.

Inafika bwanji ku Blantyre?

Gawo ili ndi limene buku la ku London silingakuuzeni, koma ndi limene ife tili nalo pafupi. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndipo Mandala House, yomangidwa mu 1882, ilipo mpaka lero. Katundu wa amishoni, amalonda, akuluakulu a boma ndi eni minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje ankabwera pa Zambezi ndi Shire, kenako pa njanji imene inafika ku Blantyre mu 1908. Si zodabwitsa kuti galasi la ku England ndi ku Scotland limapezeka kuno.

M'manja mwa Amalawi madikanta analowa m'njira zambiri. Ena anapatsidwa kwa khukhi kapena wantchito wa m'nyumba pamene bwana ankabwerera kwawo ufulu wa 1964 utabwera. Ena anagulidwa pa okushoni. Ena anabwera m'masutukesi a amene ankagwira ntchito ku Joni ndi ku Halale, kapena a ophunzira ndi akazembe obwerera kuchokera kunja. Ena anali mphatso ya ukwati kapena yopumira pantchito. Njira iliyonse imapereka malire a zaka. Ngati agogo analandira dikanta kwa bwana amene anachoka mu 1965, ndiye kuti siingakhale yopangidwa pambuyo pa chaka chimenecho, ndipo zimenezi zokha zachotsa kale makampani ndi mitundu yambiri.

Ndikupempha kuti amene muli ndi makolo amoyo muwafunse tsopano: inabwera ndi ndani, liti, kuchokera kuti, pa chifukwa chanji. Lembani papepala, muike m'kabati momwemo, pamodzi ndi chithunzi chakale ngati botololo likuonekamo. Nkhani ya pabanja imakula ikamayenda pakamwa, ndipo agogo akati inachokera ku Mangalande amatanthauza kumene inagulidwa, mwina m'sitolo ya ku London imene inkagulitsa galasi la ku Bohemia. Ngakhale zili choncho, nkhaniyo ndi umboni, ndipo ikatayika siibwereranso.

Pofunsa akatswiri pa intaneti, tumizani zithunzi za botolo lonse, kunsi, khosi, tsinde la chotsekera ndi kagobedwe kapafupi, pamodzi ndi kutalika ndi kulemera kwake. Kufufuza ndi chithunzi pa Google kumabweretsa zofanana zambiri, koma zambiri mwa izo ndi malonda a anthu amene nawonso anangoganizira. Chodalirika ndi katalogi yakale ya kampaniyo kapena chithunzi cha m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, ndipo kufanana kwake kukhale pa chilichonse, mpaka chiwerengero cha mizere.

Pa zaumoyo pali chenjezo limodzi. Mu 1991 ofufuza a ku Columbia University analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti zakumwa zosungidwa nthawi yaitali m'madikanta amtovu zimayamwa mtovuwo. Kuthiramo chakumwa cha madzulo amodzi n'kosiyana ndi kusungamo bulande miyezi. Ana ndi amayi oyembekezera asamwe zosungidwa m'menemo. Potsuka, madzi akhale ofunda, osati otentha, ndipo vinega ndi mpunga wosaphika pang'ono zimachotsa litsiro la m'kati. Chotsekera chikakanirira, donthezerani mafuta ophikira m'mphepete mwake, mudikire, osakakamiza.

Zimene sizinathetsedwe

Ngakhale akatswiri amasiyana maganizo pa zinthu zingapo. Madikanta a mphete zitatu a cha m'ma 1800 ankapangidwa ku Ireland ndi ku England komwe, amisiri ankasamuka uku ndi uko, ndipo m'zaka za m'ma 1900 anakopedwa kwambiri. Kodi yopanda dzina ingatchedwe ya ku Ireland pa umboni wanji? Ambiri amangoti ndi ya Anglo-Irish, kusiya funsolo lotseguka.

Funso lina ndi lakuti wopanga ndi ndani kwenikweni. Fakitale ina inkaumba botolo losalala, ina n'kuligoba, wosula siliva n'kuvekapo mkombero, sitolo n'kudindapo dzina lake. Zikombole nazo zinkagulitsidwa fakitale ikatsekedwa, n'kupitiriza kugwira ntchito m'manja mwa eni atsopano. Dzina liperekedwe kwa uti mwa onsewa? Nanga dzina la ku Ireland pa galasi lopangidwa ku Slovenia, kwawo tinene kuti n'kuti?

Pa kukonza, ena amati kupala kachibenthu ka pamlomo kapena kuchotsa utuwa wa m'kati ndi makina kumapulumutsa botolo, ena amati kumafafaniza umboni wa zaka zake.

Kwa ife a ku Blantyre palinso funso lathu. Dikanta imene inagulidwa ku Glasgow, n'kukhala zaka 30 patebulo la ku esiteti ya tiyi, kenako zaka 60 m'kabati ya banja la ku Bangwe, ndi mbali ya mbiri ya dziko liti? Ikagulitsidwa kwa wogula wakunja, pepala la mbiri yake lipite nayo kapena litsale? Ndipo zinthu zotere, zimene zinadutsa m'manja mwa makhukhi ndi antchito a m'nyumba amene mayina awo sanalembedwe m'mabuku, zili ndi malo ku Chichiri Museum kapena ndi za pabanja basi?